Mphoto ya Daylight Award ndi luso lolowetsa kuwala kwa masana m'nyumba

Pa 16 Meyi 2024 kunalengezedwa kuti a Alberto Campo Baeza a ku Spain ndi a Till Roenneberg a ku Germany ndiwo apata mphoto ya Daylight Award, aliyense mayuro 100,000. Woyambayo ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba, winayo ndi wasayansi wofufuza za tulo. Ambiri akamva za mphotoyi amaganiza kuti ndi ya magetsi a sola. Ena amati ndi ya amene wamanga nyumba ya magalasi ochuluka kuposa anzake. Onsewa amaphonya. Mphotoyi imayang'ana funso looneka lopepuka koma lovuta kuliyankha pomanga: kodi kuwala kwa masana kulowe m'chipinda kuchokera mbali iti, kochuluka bwanji, nthawi yanji, ndipo kukalowa kukagwere pati?

Aliyense amene anakhalapo m'kalasi momwe bolodi silioneka dzuwa lili paliwombo, kapena mu ofesi momwe makatani amakhala otseka ndi mababu oyaka tsiku lonse, akulidziwa kale vutoli.

Eni mphotoyi ndi mbiri yake

Mphotoyi imaperekedwa ndi mabungwe atatu othandiza anthu: Villum Fonden ndi Velux Fonden a ku Denmark, komanso Velux Stiftung la ku Switzerland. Onse atatu anayambitsidwa ndi a Villum Kann Rasmussen, injiniya wa ku Denmark amene anatsegula kampani yake m'chaka cha 1941 ndipo anatchuka ndi mazenera oika padenga a VELUX.

Poyamba inkaperekedwa mwa apo ndi apo. Woyamba kuilandira, mu 1980, anali a Jørn Utzon, amene anajambula pulani ya Sydney Opera House, nyumba ya zisudzo ndi nyimbo ya ku Australia. A Henning Larsen anailandira mu 1987. Kenako kunabwera mayina ngati a Richard Perez mu 2008, a Peter Zumthor mu 2010, a Anne Lacaton ndi a Jean-Philippe Vassal mu 2011, ndi kampani ya ku Japan ya SANAA mu 2014. Kuyambira mu 2016 mabungwe atatuwa anaika mphamvu zawo pamodzi n'kuisandutsa mphoto ya dziko lonse, yoperekedwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, m'magawo awiri: la zomangamanga ndi la kafukufuku. Mayina amaperekedwa kuchokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo gulu la oweruza, momwe muli ojambula mapulani ndi asayansi, ndilo limasankha. M'zaka zaposachedwapa opambana akhala akulengezedwa pa 16 Meyi, tsiku limene bungwe la UNESCO linapatula kuti likhale lokumbukira kuwala.

Kuyambira mu 2016 mpaka 2024 gawo la zomangamanga linapita kwa a Steven Holl mu 2016, a Hiroshi Sambuichi mu 2018, a Juha Leiviskä mu 2020, mayi Yvonne Farrell ndi mayi Shelley McNamara a kampani ya Grafton Architects mu 2022, kenako a Campo Baeza mu 2024. La kafukufuku linapita kwa mayi Marilyne Andersen, a Greg Ward, a Russell Foster, mayi Anna Wirz-Justice ndi a Roenneberg, motsatana m'zaka zomwezo. Mu 2020 a Henry Plummer, amene akhala akujambula zithunzi ndi kulemba za kuwala m'nyumba kwa zaka zambiri, analemekezedwa mwapadera pa ntchito ya moyo wawo wonse.

Kuika magawo awiriwa pamodzi ndiko kumasiyanitsa mphotoyi ndi zina za zomangamanga. Wojambula mapulani amadziwa mmene chipinda chimakomera m'maso, wasayansi amadziwa zimene kuwalako kukuchita m'thupi la wokhalamo, ndipo kwa nthawi yaitali awiriwa sankakumana kawirikawiri.

Kuwala kwa masana kuli mitundu itatu

Akatswiri akamati kuwala kwa masana satanthauza dzuwa lokha. Kulipo kuwala kochokera kudzuwa mwachindunji, kumene kumajambula chithunzithunzi chakuthwa pansi ndipo kumabwera ndi kutentha. Kulipo kochokera kuthambo lonse, kumene mpweya, fumbi ndi mitambo zakumwaza, n'chifukwa chake kumakhala kowala ngakhale dzuwa litabisala. Kwachitatu ndi kumene kwayamba kwagunda pansi, pakhoma kapena padenga la nyumba ina n'kubwerera.

Pansi pa mtengo wa mango masana munthu amawerenga nyuzipepala bwinobwino, osatsinzinira, osatuluka thukuta. Dzuwa lenilenilo latchingidwa ndi masamba, koma kuwala kwa kuthambo ndi kobwerera kuchokera pansi kukulowa m'mbali monse. Chipinda chabwino chowerengeramo kapena kugwiriramo ntchito chimafuna zomwezo: mtundu wachiwiri ndi wachitatu uchuluke, woyambawo ulowe mwa muyeso, pamalo ndi nthawi imene mwini pulani wasankha.

Amakuyeza bwanji?

Muyeso wa kuwala kogwera pamalo, kaya patebulo kaya pansi, umatchedwa lux. Mwezi wathunthu sufika ngakhale lux imodzi. Pa desiki la mu ofesi kapena m'kalasi pamafunika lux 300 mpaka 500. Panja kukakhala mitambo pamapezeka lux masauzande angapo mpaka kupitirira 10,000, pamene dzuwa la masana thambo lili mbee limafika pafupifupi lux 100,000. Tikaona manambalawa, zikuonekeratu kuti kuwala panja sikusowa. Chipinda chimangofuna kachigawo kochepa kwambiri ka zimene zili kunja. Ntchito yagona pa kukafikitsa kachigawoko pakati pa chipinda popanda kubweretsa kutentha ndi kuthobwa m'maso.

Njira yakale yoyezera imatchedwa daylight factor. Mumayeza lux m'kati, mumayezanso lux panja pamalo osatchingika nthawi yomweyo kuli mitambo, kenako mumaona kuti za m'katizo ndi maperesenti angati a za panja. Panja pakakhala lux 10,000 ndipo patebulo pali lux 200, ndiye kuti daylight factor ndi 2 peresenti. Chipinda chimene chapakatikati chake sichifika 2 peresenti chimaoneka chamdima ndipo anthu amayatsa magetsi. Chikapitirira 5 peresenti chimaoneka chowala bwino ndipo masana magetsi safunika kwenikweni.

Njirayi ndi yosavuta, koma ili ndi chilema chachikulu. Imayerekeza kuti thambo lakutidwa ndi mitambo nthawi zonse, motero zenera loyang'ana kummawa ndi loyang'ana kummwera amapeza nambala yofanana, chonsecho wokhala m'zipindazo amadziwa kuti n'zosiyana kotheratu. Apa ndi pomwe ntchito ya awiri mwa opata mphotoyi inasinthira zinthu. A Richard Perez, a ku yunivesite ya Albany ku America, anakonza masamu ofotokoza mmene kuwala kumagawikira kuthambo pa nyengo iliyonse, kuyambira thambo loyera mpaka la mitambo bii. A Greg Ward, akugwira ntchito ku Lawrence Berkeley National Laboratory m'zaka za m'ma 1980, anayamba kulemba pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Radiance, imene imalondola kuwala kukamagunda khoma, siling'i ndi pansi, n'kuwerengera lux pamalo aliwonse m'chipinda chimene sichinamangidwe n'komwe. Mukaphatikiza ziwirizi ndi kaundula wa nyengo ya dera, mumatha kuona mmene chipinda chidzawalire pa ola lililonse mwa maola 8,760 a chaka.

Mfundo za ku Ulaya za m'chaka cha 2018, zotchedwa EN 17037, zinatsata njira imeneyi. Zimati chipinda cha mazenera a pakhoma chilandire lux 300 pa theka la malo ake, ndi lux 100 pa 95 peresenti ya malowo, kwa theka la maola a masana pa chaka. Zimayang'ananso zinthu zina zitatu: ngati wokhalamo akuona kunja, ngati dzuwa lenileni likufikamo kwa kanthawi, ndiponso ngati kuwala sikukuthobwa m'maso. Kuona kunjako n'kofunika kukutchula, chifukwa galasi losaonekera bwino limatha kupereka lux wokwanira koma munthu n'kumamva ngati watsekeredwa.

Zimene opambana anachita ndi makoma ndi madenga

Nyumba zambiri zimene zinatchukitsa anthuwa zilibe magalasi ochuluka. Tchalitchi cha Bagsværd, pafupi ndi Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, chimene a Utzon anamaliza mu 1976, kunja kwake chimaoneka ngati fakitale, makoma ake alibe mazenera oti munthu n'kusuzumirapo. M'kati muli siling'i ya konkire yopakidwa zoyera, yopindikapindika ngati mitambo. Zenera lili pamwamba penipeni pomwe wokhala pabenchi saliona bwino. Kuwala kumalowa pamenepo, kumatsetsereka pa siling'i yopindikayo, n'kufika pansi kutafewa. Mfundo yake ndi yoti diso lisaone gwero la kuwala koma lione chinthu chimene chawalitsidwa.

A Leiviskä anatsata mfundo yomweyo mwa njira ina pa tchalitchi cha Myyrmäki ku Vantaa, m'dziko la Finland, mu 1984. Malo ake ndi opapatiza, m'mbali mwa njanji. Anamanga makoma oyera angapo oima mosemphana, wina patsogolo pang'ono pa mnzake, ndipo m'mipata ya pakati pawo anaikamo magalasi aatali. Kuwala kumalowa cham'mbali, kumagunda khoma lina, n'kubwerera pa linzake. Dzuwa likamayenda, makomawo amasinthana kuwala, motero chipinda cha m'mawa sichifanana ndi cha madzulo.

Ku Davos, m'mapiri a ku Switzerland, mayi Annette Gigon ndi a Mike Guyer, amene analandira mphotoyi mu 2012, anakumana ndi vuto la chipale. Nyumba yoonetseramo zojambula ya Kirchner Museum inkafuna kuwala kochokera pamwamba, koma galasi logona padenga likanakwiririka ndi chipale miyezi yozizira. Iwo anamanga kachipinda kena pamwamba pa chipinda chilichonse choonetsera, ka magalasi oimirira m'mbali. Kuwala kumalowa m'mbalimo, kumasakanikirana m'kachipindako, kenako kumatsika kudzera pa siling'i ya galasi losaonekera. Zojambula zimalandira kuwala kofanana ponseponse, popanda dzuwa lozisulutsa.

A Zumthor, pa malo osambirako a Therme Vals a mu 1996, anasiya timipata topapatiza pakati pa zigawo za denga, moti kuwala kumatsika ngati mizere pa makoma a miyala yakuda. Pamenepo mdima ndi mbali ya pulani. A Holl, pa kachisi wa St. Ignatius ku yunivesite ya Seattle mu 1997, anatukula denga m'malo angapo, malo aliwonse kuyang'ana mbali yake, ndipo anapaka utoto kuseri kwa zotchingira kuti kuwala kufike pakhoma kutatenga mtundu. A Campo Baeza, ku dziko la dzuwa lamphamvu, anamanga likulu la banki ya Caja Granada mu 2001 ngati bokosi lalikulu la konkire: mbali zoyang'ana kudzuwa zili ndi timabowo takuya totchinga dzuwa, ndipo bwalo la m'kati limalandira kuwala kwa padenga kumene kumagwera pakhoma la mwala woyera wa alabasitala.

Si onse amene anamanga matchalitchi ndi mabanki. A Lacaton ndi a Vassal amadziwika ndi nyumba za anthu wamba. Pa ntchito ina imene anaigwira atalandira kale mphotoyi, ku Grand Parc mumzinda wa Bordeaux ku France, iwo ndi anzawo anakonza mafulati 530 akale osawagwetsa. Anachotsa khoma la timazenera ting'onoting'ono, n'kuika zitseko za galasi zoyambira pansi mpaka kusiling'i, ndipo kutsogolo kwake anawonjezera khonde lotsekeka ndi lina lotseguka, kuya kwake pafupifupi mamita 3.8. Eni nyumba sanasamutsidwe pamene ntchito inkachitika. Chitsanzo chimenechi n'chamtengo wapatali, chifukwa chimasonyeza kuti kuwala kwabwino si kwa olemera okha.

Diso siligwira ntchito yoona yokha

Gawo la kafukufuku ndi limene limadabwitsa ambiri. Kodi wofufuza za tulo akufuna chiyani pa mphoto ya nyumba?

M'thupi mwa munthu muli wotchi, kagulu ka maselo m'kati mwa ubongo, kamene kamalamula nthawi ya tulo, kutentha kwa thupi ndi katulutsidwe ka mahomoni. Kwa anthu ambiri wotchiyi ikasiyidwa payokha imapitirira pang'ono maola 24, choncho imafunika kuikonza tsiku ndi tsiku. Chimene chimaikonza kwambiri ndi kuwala kolowa m'maso.

Kale asayansi ankakhulupirira kuti m'diso muli mitundu iwiri yokha ya maselo omva kuwala, ina yoonera mumdima, ina yoonera mitundu masana. M'zaka za m'ma 1990 a Russell Foster, amene tsopano ali ku yunivesite ya Oxford, anasonyeza kuti mbewa zimene zilibe mitundu iwiriyi, zosaona n'komwe, zinkasinthabe nthawi yogona ndi yodzuka motsatira kuwala. Ndiye kuti m'diso munali chinthu chachitatu. Kafukufuku wawo ndi wa asayansi ena anatsimikiza kuti ndi maselo ochepa okhala ndi puloteni yotchedwa melanopsin, amene amamva kwambiri kuwala kobiriwira ngati thambo, ndipo uthenga wawo umapita ku wotchi ija. Kuwala kwamphamvu kwa m'mawa kumaikokera wotchiyo kutsogolo, munthu n'kumagona msanga. Kuwala kwa usiku kumaichedwetsa ndipo kumachepetsa melatonin, homoni imene imauza thupi kuti kwada.

Vuto lili pa manambala aja. Lux 300 ndi wokwanira kuwerengera, koma poyerekeza ndi panja ndi wochepa kwambiri. Munthu amene amakhala m'kati tsiku lonse, usiku n'kumayang'ana foni pansi pa babu, thupi lake limalandira masana ofooka ndi usiku wowala. A Roenneberg, a ku Munich, anafunsa anthu ochuluka zedi za nthawi imene amagona masiku a ntchito ndi masiku opuma, ndipo anasonyeza kukula kwa mpata umene umakhalapo pakati pa wotchi ya m'thupi ndi nthawi imene sukulu kapena ntchito imalamula. Mayi Wirz-Justice, a ku Basel, ndi mmodzi mwa amene anayambitsa ku Ulaya njira yothandiza ndi kuwala kwamphamvu anthu amene amadwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa miyezi ya mdima. Mayi Andersen, a ku yunivesite ya EPFL mumzinda wa Lausanne ku Switzerland, ntchito yawo ndi yolumikiza zonsezi ndi pulani ya nyumba, kuti wojambula athe kuona msanga mmene chipinda chidzakhudzire maso ndi thupi.

Chotsatira chake pa kamangidwe n'chooneka. Miyeso yakale inkayeza kuwala kogwera patebulo, pamene maselo aja amamva kuwala kolowa m'diso la munthu amene wakhala n'kuyang'ana kutsogolo. Choncho mbali imene mpando wayang'ana, kuwala kwa khoma la kutsogolo, ndi mtunda wochokera pazenera zonse zimalowa m'masamu.

Pomwe zinthu zimalakwikira

Cholakwika choyamba ndi kuya kwa chipinda. Lamulo la chidule limene ojambula mapulani amagwiritsa ntchito limati kuwala kothandiza kumalowa mtunda wokwana pafupifupi kawiri kutalika kochokera pansi kufika pamutu pa zenera. Mutu wa zenera ukakhala pa mamita 2.1, kuwala kwabwino kumathera cha pa mamita 4. Kalasi ya mamita 7 m'lifupi yokhala ndi mazenera mbali imodzi idzakhala ndi mzere wa ana okhala mumdima, ngakhale mazenerawo atakula chotani cham'mbali. Mankhwala ake ndi kukweza mutu wa zenera kufupi ndi siling'i, kapena kuika mazenera mbali ziwiri. Galasi la m'munsi mwa msinkhu wa tebulo limawonjezera kutentha kuposa kuwala kothandiza.

Chachiwiri ndi mtundu wa makoma. Penti yoyera imabweza pafupifupi 80 peresenti ya kuwala kogwerapo, pamene njerwa yofiira yosapaka imabweza kotala kapena kuchepera apo. Kumbuyo kwa chipinda, kutali ndi zenera, kuwala kochuluka kumene kumafikako ndi kobwerera kuchokera kusiling'i ndi m'makoma. Chipinda chopanda siling'i, chokhala ndi malata akuda ndi mitanda pamwamba, chimameza kuwala kumene kukanafika kumbuyoko.

Chachitatu ndi kuthobwa m'maso. Diso limadzisintha potsata chinthu chowala kwambiri chimene likuona. Kazenera kakang'ono kowala pakhoma lakuda kamapangitsa diso kuchepetsa kabowo kolowera kuwala, ndipo chipinda chonse chimaoneka chamdima kuposa mmene chilili. N'chifukwa chake bolodi siliyenera kukhala pakhoma la zenera, ndipo kompyuta isayang'anizane ndi zenera kapena kulifulatira, koma ikhale cham'mbali. Kupaka zoyera m'mphepete mwa zenera, kapena kusema m'mphepetemo kuti mutseguke cham'kati, kumachepetsa kusiyana pakati pa galasi ndi khoma.

Chachinayi, chimene chimapweteka kwambiri kumadera otentha, ndi kutentha. Dzuwa la masana limapereka pafupifupi mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi, ndipo galasi wamba loyera limalola oposa 80 peresenti ya mphamvuyo kudutsa. Sikweya mita imodzi ya galasi loyang'anizana ndi dzuwa imatha kulowetsa mawati oposa 800 a kutentha. Katani ya m'kati sithandiza kwenikweni chifukwa kutenthako kwadutsa kale pagalasi. Chotchinga chenicheni chimakhala kunja: khonde, denga lotuluka, timatabwa topingasa, mtengo. Zikalephera izi, nkhani imathera pomwe tonse timaidziwa: makatani otseka, mababu oyaka, fani kapena makina oziziritsa akulira, m'nyumba imene inamangidwa ndi magalasi kuti iwale.

Galasi lakuda, lomwe ambiri amathamangira, limachepetsa kutentha ndi kuwala pamodzi, ndipo nthawi zina limachotsa kuwala kochuluka kuposa kutentha. Alipo magalasi okutidwa mwapadera amene amalola kuwala kudutsa n'kubweza mbali yaikulu ya kutentha, koma ndi okwera mtengo ndipo salowa m'malo mwa mthunzi.

Mafunso amene amafunsidwa za mphotoyi

Ena amafunsa ngati mphoto yochokera ku mabungwe amene chuma chawo chinachokera ku malonda a mazenera ingakhale yopanda mbali. Funsolo n'lomveka. Oikira kumbuyo amayankha kuti mabungwewa si kampaniyo, kuti osankha ndi oweruza oima paokha, ndiponso kuti nyumba zambiri za opambana n'za makoma ochindikala ndi mipata yochepa, zosatsatsa malonda a wina aliyense.

Funso lina ndi la madera. Kuyambira 2016 mpaka 2024, opambana pa zomangamanga anachokera ku America, Japan, Finland, Ireland ndi Spain. Kumeneko, makamaka kumpoto kwa Ulaya, nkhawa yaikulu imakhala yosowa kuwala m'nyengo yozizira. Anthu ambiri padziko amakhala kumene dzuwa limachuluka mopitirira. Komabe ntchito zina za opambanawa zili kumadera ofunda. Mayi Farrell ndi mayi McNamara anajambula nyumba ya yunivesite ya UTEC ku Lima, m'dziko la Peru, imene inatha mu 2015, yokhala ndi makonde akuya ndi njira zotseguka kuti mphepo izidutsa. A Sambuichi amakhala nthawi yaitali akuphunzira kayendedwe ka dzuwa, mphepo ndi madzi pamalo asanajambule kalikonse, ndipo pachilumba cha Inujima ku Japan anasandutsa fakitale yakale yoyengera mkuwa kukhala nyumba yoonetseramo zaluso imene chumuni chake chakale ndicho chimakoka mpweya.

Dzuwa la ku Copenhagen si la ku Lilongwe

Mfundo za opambanawa zimagwira ntchito kulikonse, koma miyeso yawo sitingaikopere. Ku Copenhagen, mu Disembala, masana amatalika maola pafupifupi 7 ndipo dzuwa limakwera madigiri 11 okha pamwamba pa chizimezime. Mu Juni limafika madigiri 58 ndipo masana amapitirira maola 17. Ku Lilongwe masana amasewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Dzuwa la 12 koloko likatsika kwambiri, mu Juni, limakhala pa madigiri pafupifupi 53, litapendekera kumpoto. Mu Disembala limakhala cha pa madigiri 81, litapendekera pang'ono kummwera, ndipo kawiri pa chaka limadutsa paliwombo penipeni. Tinganene kuti dzuwa lawo lokwera kwambiri silisiyana kwenikweni ndi lathu lotsika kwambiri.

Zimenezi zimasintha pulani. Kuno makoma oyang'ana kumpoto ndi kummwera ndi osavuta kuwatchinga, chifukwa dzuwa limawafikira kuchokera pamwamba. Zenera la mamita 1.2 kutalika loyang'ana kumpoto limatchingika lonse masana a mu Juni ngati chotchinga chili pamutu pake penipeni ndipo chatuluka pafupifupi masentimita 90. Chikakhala pamwamba kutali ndi mutu wa zenera, chimayenera kutuluka kwambiri. Kummwera chotchinga chachifupi chimakwanira masana. Makoma a kummawa ndi kumadzulo ndiwo ovuta: dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limabwera chogona, limadutsa pansi pa khonde lililonse, ndipo la kumadzulo limafika nyumba itatentha kale, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. N'chifukwa chake nyumba yaitali ngati kalasi kapena wodi ya chipatala imakhala bwino kutalika kwake kukayenda kuchokera kummawa kupita kumadzulo, mazenera n'kukhala kumpoto ndi kummwera.

Zenera la padenga, limene ku Denmark ndi dalitso, kuno limafuna kusamala. Denga ndilo limalandira dzuwa lamphamvu kuposa mbali ina iliyonse. Malata oonekera amawalitsa kwambiri kuposa zenera la pakhoma la kukula kofanana, choncho ochepa amakwanira, ndipo lamulo la chidule limati asapitirire 3 mpaka 5 peresenti ya malo a pansi. Oyera ngati mkaka ndi abwino kuposa oonekera mbee, chifukwa amamwaza kuwala m'malo mojambula chigamba chotentha pamutu pa mwana mmodzi. Ndi bwino kuwamwaza m'denga cha kumene mazenera safika kusiyana ndi kuwaunjika pamodzi. Apulasitiki otsika mtengo amasanduka achikasu ndi kuuma ndi dzuwa pakapita zaka, ndipo pa misomali ndi polumikizira ndi pomwe amayambira kudontha. Njira yotetezeka kuposa iyi ndi ya a Utzon ndi ya ku Davos ija: kutukula mbali imodzi ya denga, kuika zenera loimirira pampata umene watsalawo, kuliyang'anitsa kumpoto kapena kummwera pansi pa denga lotuluka, ndi kupaka zoyera pomwe kuwala kukagwere. Zenera limenelo likakhala lotseguka limatulutsanso mpweya wotentha umene umasonkhana pamwamba.

Njerwa zamabowo zimene zimaikidwa m'malo mwa mazenera m'makalasi ambiri zimalowetsa mpweya, siziswedwa ngati galasi, ndipo zimatchinga dzuwa. Chilema chake n'chakuti simenti yotuwa ya m'mabowomo imameza kuwala, ndipo timabowo towala pakhoma lakuda timathobwa m'maso. Kupaka laimu m'kati mwa mabowo ndi pakhoma lozungulira kumasintha zambiri pa mtengo wochepa, bola kuzibwereza fumbi likadetsa.

Wofuna kudziwa mmene chipinda chake chilili atha kuyeza yekha. Mafoni ambiri amalola pulogalamu yoyezera lux. Si yolondola ngati chipangizo cha akatswiri, koma imakwanira poyerekeza malo ndi malo. Zimitsani magetsi, tsegulani makatani, goneka foni pamsinkhu wa tebulo, ndipo lembani nambala pa mita iliyonse kuchokera pazenera mpaka kukhoma la kumbuyo, cha m'ma 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko. Pomwe nambala yatsika pansi pa 300 ndi pomwe kuwerenga kumayamba kutopetsa maso. Pomwe yalumpha kufika masauzande ambiri, dzuwa likugwera patebulo mwachindunji, ndipo zenera limenelo likufunika chotchinga cha kunja.